Kumene Malemu Mwamuna Wanga Ankapita Lachinayi

1

Mwamuna wanga anali munthu wosayankhulayankhula. Ana athu anam'patsa dzina loti a Chete, ndipo iye akamva ankangomwetulira n'kupitiriza kupukuta magalasi ake. Tinakhala m'banja mpaka tonse kumera imvi, koma mukanandifunsa kuti kuseka kwake kumamveka bwanji, ndikanangokanda m'mutu. Woyankhula pakhomo ndinali ine. Ndili ndi sitolo ya nsalu, ndipo pakamwa panga ndi pamene pamandidyetsa. Ogula amandidziwa, antchito amandiopa, ndipo opemphapempha anadziwa kalekale kuti khonde la sitolo yanga si pokhalapo.

Iye anali woyeza malo, komanso membala wa bodi yoyang'anira laibulale ya m'tauni mwathu. Lachinayi lililonse masana ankavala jekete yake yotuwa n'kuima pakhomo.

"Ndapita kumsonkhano wa bodi."

"Kodi mabuku amenewa amalakwa chiyani kuti muziwazenga mlandu sabata ndi sabata?" ndinkamuseka choncho. Ankabwerako nkhope itawala, ine n'kumati anthu ena amakhuta ndi fungo la mapepala.

Khansa ya pakhosi inayamba yam'landa mawu, kenako moyo. Miyezi yomaliza ankangoloza ndi chala. Titamuika m'manda m'pamene ndinazindikira kuti ndilibe kalikonse kosunga mawu ake. M'mavidiyo onse a maukwati a ana iye amangooneka ataima kumbuyo, womveka ndine ndekha.

Misozi itayamba kuuma, kunyumba kunabwera wapampando wa bodiyo. Ndi bambo wopuma pantchito yozula mano, ndipo mpaka lero akamakuyankhula amakuyang'ana m'kamwa, osati m'maso.

"Mayi, mpando wa malemu ulibe munthu. Bodi yagwirizana kuti tikupempheni muumalizire nthawi yake."

Ndinavomera asanamalize n'komwe. Ndinkafuna kukakhala pamene iye ankakhala.

2

Bodi imakumana m'chipinda cham'mwamba, chokhala ndi tebulo lalitali ndi zenera limodzi losatseguka. Kumbuyo kuli mabenchi a anthu wamba, poti misonkhano yake aliyense ndi womasuka kudzamvera. Anandiloza mpando wapakona. Chikopa chake chinali chitalowa m'kati motsatira thupi la mwamuna wanga, ndipo nditakhalapo ndinamva ngati ndakhala pamiyendo pake.

"Mlendo timamuuziratu," anatero wapampando. "Laibulale si yathu, ndi ya anthu, ife timangowasungira. Timalemba ntchito mkulu wa laibulale, timakhazikitsa malamulo, timaona kuti nyumba ndi mabuku zikusamalidwa. Za tsiku ndi tsiku sitilowererapo. Zoti wakutiwakuti amawerenga chiyani si nkhani yathu, ngakhale atakhala mwana wanu wobereka nokha. Chomaliza, nkhani ikakukhudzani inuyo panokha, mumanena poyera n'kutuluka, anzanu n'kuvota. Mukabisa, chigamulocho chimafa, ndipo mpando mumausiya."

Ndinagwedeza mutu ngati mwana wasukulu. Tinakambirana za denga lodontha ndi za mlonda wokonda tulo. Potseka wapampando anati, "Tionananso mwezi wamawa, Lachinayi loyamba."

"Osati sabata yamawa?" ndinafunsa.

"Sabata iliyonse? Mayi, si tikanazulana mano muno! Bodi ino imakumana kamodzi pamwezi chiyambire."

Onse anaseka. Inenso ndinaseka nawo. Zaka zonsezo, masiku ena onse a Lachinayi, munthu wovala jekete yotuwa uja ankapita kuti?

3

Lachinayi lotsatira ndinasiyira mtsikana wantchito sitolo n'kupita kulaibulale. Chomwe ndinkakafuna sindinkachidziwa. Ndinadutsa ana a sukulu ogona pamabuku, ndinadutsa madala olimbirana nyuzipepala, mpaka ndinalowa m'kanjira kodutsa kuseri kwa mashelefu a magazini akale. Kumapeto kwake kuli chitseko chobiriwira.

Kuseri kwa chitsekocho munthu anakonza pakhosi. Ndinaima chilili. Kukonza pakhosi kumeneko ndinakhala nako m'nyumba moyo wanga wonse wa m'banja.

Kenako mawu anayamba. Anali mwamuna wanga, amene ndinamuponyera dothi ndi dzanja langali. Ankawerenga nkhani ya telala wina amene anasoka thalauza la miyendo itatu. Ankasintha mawu, apa telala, apa mwini thalauza, apa mkazi wa telala. Kenako anaphulika kuseka, chikhakhali chenicheni chochokera m'mimba.

"Mwamva zimenezo?" anatero. "Munthu ameneyu mutu wake ndi wangawu ndendende."

Ndipo mkazi anaseka naye. Kuseka kwa mkaziyo sikunali kwa m'makina, kunali kwa munthu wamoyo wokhala kuseri kwa thabwa lomwe ndinalitsamira.

Ndinagwira chotsegulira, koma wina anandigwira mkono. Anali mkulu wa laibulale, mayi wamtali wowonda amene tauni yonse imamutcha Mayi Shii chifukwa cha chala chomwe sichichoka pamlomo pake.

"Ndi matepi, mayi," ananong'ona. "Chipindachi ndi cha anthu osaona. Anthu odzipereka ankawerenga mabuku, ife n'kumajambula. Malemu anajambula ambiri kuposa wina aliyense, makamaka atadziwa kuti mawu awathera."

"Nanga akusekayo ndani?"

"Sindingakuuzeni."

"Mukudziwa kuti ndine wa bodi?"

"N'chifukwa chake sindingakuuzeni. Lamulo limenelo munaika ndinu a bodi."

"Ali moyo ankakhala naye m'menemu?"

Mayi Shii anayang'ana pansi. Sindinafunenso yankho lina.

Chipindacho chili ndi khomo lina lotulukira kuseri, kopanda masitepe. Ndikanatha kukabisala kumeneko n'kumuona mkaziyo akutuluka. Sindinapite. Ine amene sindiopa munthu ndinachita mantha ndi nkhope yomwe inkamuseketsa mwamuna wanga.

4

Kuyambira tsiku limenelo mawu aja sanandisiye. Ndikamadula nsalu, m'kulira kwa sizasi ndinkamva kukonza pakhosi. Ndikamatsegula geti ndinkamva chikhakhali chija kumbuyo kwanga, kutembenuka palibe munthu. Jekete yotuwa ija ndinaichotsa pa msomali n'kuitsekera m'sutikesi, koma sizinathandize.

Mkaziyo ndinamuumba ndekha m'mutu. Ndinam'patsa khungu losalala, mawu ofewa, manja osagwira ntchito. Ndinkati kusaona kwakeko ndiye nyambo imene anakolera munthu wachifundo ngati mwamuna wanga. Chinkandipweteka kwambiri si chibwenzicho ayi. Chinali chakuti ine ndinapatsidwa a Chete, wina n'kupatsidwa munthu woseka, ndipo ngakhale atafa akumusekerabe.

Mwayi unadzibweretsa wokha. Pamsonkhano wotsatira panabwera nkhani yoti bungwe lina lapereka makompyuta, koma malo owaika palibe. Wina anati chipinda cha chitseko chobiriwira chija n'chimene chingathandize, poti makina a matepi ndi achikale ndipo obwera kudzamvetsera atsala ochepa. Matepiwo atayidwe, chipinda chipentedwe, ndipo pakhomo pake pakhomedwe dzina la malemu mwamuna wanga pomulemekeza.

Mayi Shii anaimirira. "Ochepa ndi anthu ndithu. Alipo amene chipindacho ndi chokhacho chomwe ali nacho."

"Ndani?" anafunsa wina.

"Sindingatchule."

Wapampando anafunsa funso lomwe amafunsa nthawi zonse asanavote. "Alipo amene nkhaniyi ikumukhudza payekha?"

Mayi Shii anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana zenera losatseguka lija.

"Za dzina la malemu tidzavota padera, mayi adzatuluka," anatero wapampando. "Lero ndi za chipinda chokha."

Manja anakwera, ofuna ndi okana anafanana. Wotsala ndinali ine. Ndinayankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, za ana a masiku ano, za tsogolo, za kusakakamira zakale. Kenako ndinakweza dzanja, chipinda n'kutsekedwa. Potsika masitepe ndinamva mtima uli m'malo koyamba chimwalirireni mwamuna wanga.

5

Mantha aja anatha. Tsopano ndinkafuna kumuona mkaziyo akupeza chitseko chokhoma. Lachinayi ndinavala diresi yanga yabwino, ndinadzola, n'kukazungulira kukhomo lakuseri. Kunali kutagwa mvula m'mawa ndipo pansi panali matope.

Pabenchi pafupi ndi khomolo panakhala gogo wina wamng'ono thupi, wovala juzi yachimuna, ndodo yoyera ili pakati pa miyendo. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mkazi wanga wa khungu losalala uja. Panalibe wina.

"Agogo, mwaona mayi wina atabwera pano?"

"Kuona ndiye ayi," anatero akuseka. Kuseka kwake ndinakuzindikira nthawi yomweyo. Anapendeketsa mutu. "Makiyi amenewo akulira m'chikwama, ndi mawu amenewo. Ndinu a sitolo ya nsalu. Khalani pansi, apongozi."

"Mwati chiyani?"

"Ndati khalani pansi. Amene munamuika m'manda uja ndinabereka ndine."

"Mwamuna wanga anali wamasiye!"

"Eya, ndinamuuza ndine kuti azitero."

Ndinangoti khu pabenchipo. Gogoyo anafotokoza mosathamanga, ngati akunena za munthu wina. Maso anawataya mwana wake ali wakhanda. Anamulera ndi kumuphunzitsa pokhala pakhomo la depoti ya mabasi, mbale ili patsogolo. Mnyamatayo atakula n'kukonda ine, mwana wa woweruza milandu, anabwera akulira kuti akafunsidwa za makolo akanena chiyani.

"Ndinati ukanene kuti ndinafa. Bambo anu sakanapereka mwana wawo kwa mwana wa wakhungu wa padepoti. Kapena ndikunama?"

Sanali kunama.

"Atayamba ntchito anandichotsa padepoti, anandipezera kachipinda. Kangapo konse ankafuna akuuzeni. Ndiye ine ndinati ndiyambe ndakamva ndekha mawu a mpongozi wanga. Ndinabwera tsiku lina n'kukhala pakhonde la sitolo yanu." Anasekanso pang'ono. "Mawu ndinawamva ndithu. Ndi madzi okolopera omwe ndinawalawa. Mwana wangayo anali tsidya la msewu, akuona. Kuyambira pamenepo nkhani yokuuzani sanaitchulenso."

Ndinayesa kukumbukira tsikulo, osalipeza. Anthu amene ndinawathira madzi pakhonde limenelo ndi ambiri.

"Kuno kunali kwabwino," anapitiriza. "Munthu wa bodi akalowa m'chipinda cha osaona kukawerengera nkhalamba, ndani angadabwe? Atadwala anati, amayi, ndikusiyirani mawu. Pamaliro ndinabwera, ndinaima kunja kwa mpanda, nyimbo ndinazimva. Sindinalire kwambiri, poti ndinkadziwa kuti Lachinayi ndimupeza." Anagogoda chitseko chokhomacho ndi ndodo yake. "Lero akuti a bodi atseka. Inu muli ku bodiko, eti? Tandiuzani, mwana wanga amuika kuti?"

6

Mwana wake anali kuseri kwa nyumbayo, m'makatoni, pafupi ndi migolo ya zinyalala, kudikira galimoto ya khonsolo. Mvula ya m'mawa ija inali itawapeza. Ndinagwada m'matope ndi diresi yanga yabwino ija n'kuyamba kutola. Makatoni apamwamba anali phala lokhalokha, matepi atadzaza madzi ndi mchenga. Mayi Shii anatuluka n'kugwada pambali panga.

"Bwanji simunandiuze?" ndinamukalipira.

"Ndinalumbira kwa malemu, ndipo lamulo linandimanga. Ndinkayembekeza kuti mutuluka pa voti ija." Misozi yake inali ikutsika. "Mwina ndikanaswa zonse ziwiri. Sindikudziwa."

Tinapulumutsa katoni imodzi yapansi. Koma matepi ndi katundu wa laibulale, makina owaimbira anali atatsekeredwa, ndipo kachipinda ka gogoyo kalibe magetsi. Ndinathamangira kwa wapampando kuti asinthe chigamulo.

"Sindingathe, mayi. Bodi ikagamula yagamula. Wapampando si mwini laibulale."

"Palibe njira?"

Anandiyang'ana, ulendo uno m'maso. "Ilipo imodzi yokha. Ndinakuuzani tsiku loyamba lija."

Ndinapita kaye kwa gogo uja kukapempha chilolezo, poti chinsinsicho chinali chake. Anati, "Amene ndinkamubisira uja anapita. Nenani."

Pamsonkhano wotsatira mabenchi akumbuyo anadzaza, chifukwa linali tsiku lovomereza dzina la malemu pakhomo la chipinda chatsopano. Ana anga anabwera atatchena, anzake a malemu a kuntchito anabwera, mng'ono wanga ndi mwamuna wake anabwera. Wapampando atafunsa funso lake lija, ndinaimirira.

"Ikundikhudza ine. Ndipo ya mwezi watha ija inkandikhudzanso, koma ndinabisa. Ndinavota kuti chipinda chitsekedwe chifukwa cha nsanje. Ndinkaganiza kuti wobwera kudzamvetsera mawu a mwamuna wanga ndi chibwenzi chake. Ndi mayi ake omubereka. Ali moyo, ndi osaona, ndipo kale ankapempha padepoti."

Kenako mwana wanga wamkazi anafuula, "Amayi, mukuti tili ndi agogo?" Mchimwene wake anadzuka n'kutuluka, chitseko n'kuchimenyetsa. Mng'ono wanga anaphimba nkhope ndi chikwama. Ndinatenga makiyi anga n'kutuluka monga lamulo linenera, ndipo pampando wapakona uja sindinakhaleponso.

Chigamulo chija chinafa. Atavotanso popanda ine, chipinda chobiriwira chinatsegulidwa, makompyuta anawapezera malo m'mwamba. Za dzina la malemu palibe anazitchulanso. M'tauni nkhani inayenda miyezi, ena akuti anali wabodza, ena akuti woipa ndine. Onsewo sindinawatsutse.

7

Ndinawapempha apongozi anga kuti asamukire kunyumba. Chipinda ndinakonza, makatani ndinasoka ndekha. Anakana.

"Mwana wanga sanandilowetse pakhomo limenelo ali moyo. Ndikalowe bwanji iye kulibe? Tizikumana kwathu konkuja."

Ndiye Lachinayi lililonse masana ndimatseka sitolo n'kukawapeza pabenchi. Mwana wanga wamkazi amabwera nthawi zina, amakhala atawagwira dzanja. Wamwamuna sanabwerebe, ndipo foni yanga sayankha. Matepi otsalawo ndi ochepa, moti tinawamva onse mpaka kuwaloweza. Ya telala ija inapita ndi mvula, pamodzi ndi zambiri zomwe mwamuna wanga anaseka. Apongozi sananditonzepo, koma nthawi zina amati, "Panali ina ya munthu wometa, inali yokoma," n'kukhala chete. Pamenepo ndimalakalaka akanangonditukwana.

Tepi yomaliza ndi imene imandivuta. Mawu ake ndi osasa, amawerenga pang'ono n'kupuma. Pakati pa tsamba amakhosomola nthawi yaitali, kenako amati, "Amayi, lero ndatopa. Tidzapitirize sabata yamawa." Pambuyo pake pamangomveka kuzungulira kwa tepi. Tsiku lina Mayi Shii analipeza bukulo n'kuliika pamiyendo panga. Ndinayambira pomwe iye analekezera.

"Mumathamanga, apongozi," anatero gogoyo. "Mnzanu ankapuma."

Inu owerenga, ena mwa inu muli m'mabodi ndi m'makomiti, a sukulu, a chipatala, a laibulale. Adzakufunsani funso lija, loti alipo amene nkhaniyi ikumukhudza, ndipo mudzaona ngati ndi mwambo chabe. Ine ndinaliyankha ndi kuyang'ana pazenera, ndipo dzanja langa limodzi linataya m'matope zomwe mwana anasiyira mayi ake. Wondipatsa mpando uja sanali wapampando, anali anthu ngati gogo wa pabenchi, amene sindinkawadziwa n'komwe.

Koma chomwe chimandisowetsa mtendere si voti yokhayo. Mwamuna wanga ndinamukhululukira bodza lake, poti ndikudziwa amene ankamuopa. Ndinagona naye chipinda chimodzi mpaka imvi, ndipo iye anaona kuti n'kwapafupi kuika mayi ake m'manda ndi pakamwa kusiyana n'kuwabweretsa pakhomo panga. Jekete yotuwa ija ndinaibwezera pa msomali. Lachinayi ndikamatuluka ndimaima pakhomo pomwe iye ankaima, ndipo ndimaiuza kumene ndikupita.